Pa Buleki Mumakhala ndi Yani?

Mawu kwa ophunzira a sekondale, aphunzitsi ndi makolo a ku Manyamula, m'boma la Mzimba

Ndilankhula m'Chichewa, koma ndikukhulupirira kuti mukafika kunyumba mukaibwereza nkhaniyi m'Chitumbuka, pa mphasa, pamodzi ndi amene sanathe kubwera.

Nkhani imene ndabwera nayo mulibe mu silabasi, ndipo a MANEB sadzakufunsani pa JCE kapena pa MSCE. Ndi nkhani ya timagulu ta pa sukulu: amene mumayenda nawo, amene mumadya nawo, amene amakusungirani malo m'kalasi, ndi amene mumawalambalala ngakhale mumakhala nawo chipinda chimodzi tsiku lililonse. Akuluakulu ambiri amaiona ngati yachibwana. Ine sindiiona choncho. Tikamawerenga zifukwa zimene ana amasiyira sukulu timatchula fizi, mtunda, mimba ndi ulendo wa ku Joni, ndipo zonsezi n'zoona. Koma pansi pa zifukwa zimenezi pamabisala chinanso chimene sichilembedwa m'kaundula. Mwana amene palibe womufunafuna akajomba savutika kusiya sukulu. Tsiku loyamba kujomba palibe amafunsa, lachiwiri chimodzimodzi, ndipo pofika sabata yachitatu mwanayo amakhala atatsimikiza mumtima kuti kumeneko analibe malo.

Mukafuna kudziwa mmene sukulu ilili, musayang'ane pa asembule, chifukwa pamenepo aliyense amaima pa mzere umene wauzidwa. Dikirani chitsulo cha buleki chilire. Kagulu kena kamathamangira kwa amayi ogulitsa mandasi ndi zitumbuwa, kena kamapitirira mpaka pa chiwaya. Pamenepo pamakhala kuseka, kugawana, kubwerekana ndalama. Ena amapita pansi pa mtengo ndi chimanga chokazinga kapena mbatata yophika imene anakulunga m'pepala la pulasitiki m'mawa, ndipo amadya chotembenukira kumbali kuti a pa chiwaya asawaone. Anyamata ampira ali ndi ngodya yawo, opemphera ali ndi yawo, othyola Chizungu ali pafupi ndi ofesi ya aphunzitsi. Ndiye m'kalasi mumatsala mwana mmodzi kapena awiri, atatsegula kope, maso ali pa tsamba limodzi lomwelo mpaka chitsulo chiliranso. Mphunzitsi wodutsa pa windo amati mwana uyu ndi wakhama. Nthawi zambiri sikuti akuwerenga ayi. Kope lija ndi pobisalira, chifukwa kukhala wekha panja anthu akukuona n'kowawa kuposa njala.

Mizere yogawa ana kuno kwathu ili ndi maonekedwe akeake. Woyamba ndi wa ku Joni. Kuchokera nthawi ya Wenela ndi Theba mpaka lero, boma la Mzimba lakhala likutumiza amuna ndi anyamata ake ku South Africa, ndipo masiku ano amayi ndi atsikana akupitanso. Katundu amene amabwera pa magalimoto a ma transporter amafika mpaka m'kalasi: nsapato, jekete, chikwama, foni. Yunifolomu anaiika kuti ana azioneka ofanana, koma yunifolomu sifika ku mapazi, ndipo ana amayang'ana mapazi. Mzere wachiwiri ndi wa chilankhulo. Mwana wa mphunzitsi, wa namwino kapena wa wapolisi amene wasamutsidwa kuchokera ku Lilongwe kapena ku Zomba amafika osadziwa Chitumbuka, anzake n'kumamunena iye ali pomwepo. Mbali inayo, mwana wa m'mudzi amene Chizungu chimamuvuta akayankha funso anzake n'kumuseka katchulidwe, amatseka pakamwa teremu yonse. Pali a selofu, amene amachita lendi timanyumba pafupi ndi sukulu, ndi oyenda pansi makilomita ambiri, amene amafika fumbi lili m'miyendo ndipo sangatsalire ku masewero chifukwa kungawadere m'njira. Pali osankhidwa ndi boma ndi a open, amene ena amawaona ngati ophunzira a theka. Pali obwereza kalasi. Ndipo pali atsikana amene abwerera ku sukulu atabereka. Lamulo lowalola kubwerera lilipo kuyambira 1993, koma lamulo limangotsegula chitseko cha kalasi. Benchi ndi anzake a pa benchipo ndiwo amagamula ngati mtsikanayo akhalitse kapena ayi.

Masiku ano kwabwera mzere wina umene ife akale sitinaudziwe. Kalasi imatsegula gulu la pa WhatsApp, m'menemo n'kumatumizirana mapepala a mayeso akale, manotsi ndi uthenga woti Loweruka kuli phunziro lapadera. Wopanda foni, kapena amene foni ali nayo koma bandulo alibe, amamva Lolemba kuti anzake anakumana. Palibe anamuthamangitsa, palibe anamunyoza, komabe wasiyidwa.

Tsopano ndisamveke ngati ndabwera kudzathetsa magulu. Sindingathe, ndipo sindikufuna. Akuluakulu anati kuyenda awiri si mantha. Mwana wa zaka 14 amene wachoka ku pulayimale ya kwawo, kumene aliyense ankadziwa agogo ake, n'kufika pa malo achilendo, ayenera kupeza anthu oti azimutchula dzina. Pa msinkhu umenewu mawu a mnzako amalemera kuposa mawu a bambo ako, ndipo izi si matenda, ndi mmene munthu amakulira. Kholo limene limauza mwana kuti "iwe ku sukulu unapitira maphunziro, za anzako zisiye" limanena zosatheka. Mwanayo anzake awapezabe, kungoti tsopano aziwabisa.

Makolo athu a Chingoni ankaidziwa bwino nkhani imeneyi, ndipo sankaisiya kuti iziyenda yokha. Mayi wina wa ku England, Margaret Read, anakhala pakati pa Angoni a dziko lino m'zaka za m'ma 1930, ndipo mu 1959 anatulutsa buku lotchedwa Children of Their Fathers, lofotokoza mmene ana a Chingoni ankaleredwera. M'bukumo muli nkhani ya laweni, nyumba imene anyamata a m'mudzi ankagonamo pamodzi. Ambiri a inu mumadziwa mphala, ndipo ena amati gowelo. Mnyamata akangogulula mano a ubwana n'kumera achikulu, ankachoka m'manja mwa amayi ndi agogo n'kukalowa m'laweni. M'menemo ankagona ndi anzake, kudya nawo, kupita nawo kubusa, kuphunzira kugwira chibonga, kusamala ng'ombe ndi kumvera wamkulu. Moyo wake sunali wofewa. Anyamata aakulu ankatuma aang'ono nkhuni ndi madzi, ndipo wochedwa ankalawa ndodo. Zimenezo sindikuziyamikira ndipo sindikufuna zibwerere. Koma taonani zinthu ziwiri. Choyamba, panalibe mnyamata wotsala panja. Sunkafunsira malo, msinkhu wako ndiwo unkakulowetsa, kaya ndiwe mwana wa nduna kaya wa munthu wamba. Chachiwiri, chimene chinkawamanga pamodzi chinali ntchito. Ng'ombe zikalowa m'munda mwa eni, mlandu unali wa onse. Mwana wa ng'ombe akasowa, onse ankalowa m'tchire kukamufuna. Ubwenzi unkabadwira m'ntchitomo.

Mtundu wa Angoni weniweniwo unakula motero. Pamene Zwangendaba ankaoloka mtsinje wa Zambezi mu Novembala 1835, tsiku limene dzuwa linadetsedwa, anthu amene anali nawo sanali a magazi amodzi. Pa ulendo wonse, kuchokera kumwera mpaka ku Ufipa m'dziko la Tanzania, ndi pobwerera mpaka anthu a M'mbelwa kudzakhazikika kuno m'zaka za m'ma 1850, gululo linkatenga anthu m'njira: Athonga, Akaranga, Ansenga, Asenga, Achewa, Atumbuka. Tisabise, ambiri anatengedwa pa nkhondo, misozi ili m'maso. Koma mwana wa wogwidwa ankalowa m'laweni ndi m'gulu la nkhondo limodzi ndi anzake a msinkhu wake, ndipo akaonetsa luso ankakwera. Chiwere Ndhlovu, amene anakakhala mfumu ya Angoni ku Dowa, chiyambi chake anali Mnsenga. Tamverani maina a m'kaundula wa kalasi yanu: Jere, Tembo, Moyo, Nyirenda, Soko, Shaba, Chirwa, Mvula, Nhlane, Kumwenda. Maina amenewa anachokera kutali ndi kutali, koma mu Ogasiti eni ake amakumana pa phiri la Hora pa mwambo wa Umthetho, n'kuvina ingoma limodzi, phazi kugunda pansi nthawi imodzi. Chilankhulo chimene mumalankhula kunyumba, Chitumbuka, Angoni anachilandira kwa amayi amene anawakwatira kuno. Ndiye mwana wa ku Mzimba akamanyoza mnzake kuti ndi wobwera, akutsutsana ndi mbiri ya agogo ake omwe.

Nanga chimachititsa n'chiyani kuti magulu, amene ndi chinthu chabwino, asanduke adani? Pali kafukufuku wina wakale amene amaphunzitsidwa m'mayunivesite ambiri. Mu 1954, katswiri wa za maganizo a anthu dzina lake Muzafer Sherif ndi anzake anatenga anyamata 22 a zaka pafupifupi 11 kupita nawo ku malo a tchuthi otchedwa Robbers Cave m'chigawo cha Oklahoma ku America. Anyamatawa anali ofanana m'zambiri ndipo sankadziwana kale. Anawagawa pawiri. Gulu lililonse linadzipatsa dzina, lina Eagles, lina Rattlers, linapanga mbendera ndi malamulo ake. Kenako anawapikisanitsa pa masewero ndi kukokana chingwe, mphoto n'kumapita kwa opambana okha. Pasanathe masiku ambiri anayamba kutukwanana, kuotcherana mbendera ndi kuthyolerana nyumba zogona usiku. Ena amadzudzula ochita kafukufukuwo kuti ankasonkhezera dala mkanganowo, ndipo kudzudzulako kuli ndi maziko. Koma chimene ndikufuna mumve ndi mmene udaniwo unathera. Anayesa kuwakhazika pamodzi pa chakudya ndi pa kanema, koma anyamatawo ankangogendana ndi zakudyazo. Zinasintha pamene madzi a pa msasapo anasiya kutuluka, magulu onse awiri n'kuyenda limodzi kufufuza pamene pavuta. Tsiku lina galimoto yokatenga chakudya inakana kulira, ndipo onse anagwira chingwe chimodzi, chomwe chija ankakokerana, n'kuikoka mpaka inalira. Pomaliza tchuthicho anyamatawo anapempha okha kuti abwerere kwawo pa basi imodzi.

Anyamata a ku Oklahoma aja anagwirizana pa chifukwa chomwe chinkagwirizanitsa anyamata a m'laweni: panali ntchito imene gulu limodzi silikanaitha lokha. Apa ndi pamene pagona zonse zimene ndabwera kudzanena. Pa sukulu pali magulu a mitundu iwiri. Ena amamangidwa pa zimene munthu ali nazo, kaya ndi foni, nsapato, ndalama ya pa buleki, nkhope kapena dzina la bambo. Ena amamangidwa pa zimene anthu amachitira limodzi. Gulu la mtundu woyamba limafuna nthawi zonse pakhale wina wotsala panja, chifukwa kukoma kwake n'koti ena alibe. Kuti ulowemo umalipira, ndipo sulipira kamodzi. Lero akuti tijombe tikaonere mpira ku shoo, mawa akuti tisonkherane ya kachasu, mkuja akuti talawa chamba ngati ndiwe mwamuna, kapena ndalama ya mayeso ija tiyese kubetchera. Kwa atsikana mtengo wake umakhala wowawa kwambiri. Mtsikana wa selofu, ufa utatha m'ndowa, makala atatha, ndiwo zili soya pieces za ngongole, amauzidwa ndi anzake kuti "usamadzivutitse, tikupezera munthu." Munthuyo amakhala bambo wa pa trading centre kapena mnyamata amene wangobwera kumene ku Joni ndi galimoto. Anzake aja amaoneka ngati akumuthandiza, ndipo mwina nawonso anayamba choncho. Mimba ikaoneka, gulu lija limamwazika.

Ndiye ana anga, gulu limene muli nalo liyeseni ndi mafunso awa. Kodi mungathe kunena kuti "ayi, ine izi sindichita" n'kukhalabe mnzawo mawa lake? Kodi mukakhoza bwino mayeso amakondwera nanu, kapena mumabisa pepala kuopa kuti akunenani kuti mukudzimva? Kodi mukakhala pamodzi mumakamba za chinthu, kapena mumangokamba za anthu? Ndipo tsiku limene mulibe kanthu m'thumba, malo anu amakhalapobe?

Ndikhalitsepo pang'ono pa anyamata, chifukwa kuno kuli gulu lina lamphamvu kuposa magulu onse a pa sukulu, ngakhale ambiri a m'gululo sali pa sukulu. Ndi gulu la amene anapita. Mnyamata wa Fomu 2 amaona zithunzi za mnzake amene ankakhala naye benchi imodzi chaka chatha, ataima pa msewu wa ku Johannesburg kapena ku Cape Town, atavala bwino. Pa Khirisimasi mnzakeyo amabwera, anthu n'kumuunjirira, iye wa yunifolomu n'kuima kumbuyo ngati mwana. Chimene chimamukoka si ndalama zokha. Amafuna kuwerengedwa pakati pa amuna. Sindinyoza ulendo wa ku Joni. Nyumba zambiri za malata zimene tikuziona kuno, ng'ombe, zigayo, ngakhale fizi ya ena mwa inu, zinachokera kumeneko, ndipo anthu amenewo amakhetsa thukuta. Koma zithunzi zija sizionetsa chipinda chimodzi chogona anthu asanu, sizionetsa Lindela kumene amasungira ogwidwa opanda mapepala, sizionetsa zimene zinachitika mu 2008 ndi mu 2015 pamene alendo ankathamangitsidwa ndipo boma linachita kutumiza mabasi kukatenga anthu athu. Ngati mudzapite, mudzapite muli ndi satifiketi m'manja ndiponso mutaganiza nokha. Musapite chifukwa choti pa sukulu panalibe amene ankakuonani ngati munthu. Ndipo ife akuluakulu tidzifunse chifukwa chake mnyamata wa Fomu 3 wokhoza masamu salandira ulemu umene timapereka kwa wobwera ndi wailesi yaikulu.

Kodi gulu labwino mungalipeze kuti? Langizo langa ndi lakuti musayambe ndi kufunafuna anthu oti akukondeni. Yambani ndi kufunafuna chochita, anthuwo mukawapeza komweko. M'sukulu zathu za sekondale muli SCOM, muli YCS, muli magulu a achinyamata a Adventist ndi a Chisilamu. Muli kwaya, ndipo dera lino kuimba ndi kwathu: ku Embangweni, kumene mishoni ya Loudon inakhazikitsidwa mu 1902, Donald Fraser ankalimbikitsa Angoni kupeka nyimbo za Mulungu m'maimbidwe awoawo, ndipo zina mwa nyimbozo zikuimbidwabe m'matchalitchi mwathu. Muli mpira wa miyendo ndi wa manja, Edzi Toto, wildlife club, zisudzo, debate, ndi ma study circle. Pitani kumene mtima wanu ukukokerani, ngakhale simudziwako aliyense. Tsiku loyamba mudzakhala chete ndipo mudzamva ngati aliyense akukuyang'anani. Pitaninso. Musadikire kupatsidwa udindo waukulu. Nyamulani mabenchi, pukutani bolodi, tungani madzi a osewera, sungani kope la maina. Munthu amene amagwira ntchito pa gulu sachedwa kudziwika dzina, ndipo tsiku limene sabwera anthu amafunsa. Kwaya ikasowa wa besi siyang'ana nsapato zake. Timu ikafuna goloboyi sifunsa ngati ndi wa open kapena wosankhidwa.

Musaganizenso kuti gulu liyenera kukhala lalikulu. Ambiri mwamva za William Kamkwamba wa ku Wimbe m'boma la Kasungu, oyandikana nawo athu kumwera kuno. Anasiya sekondale chifukwa cha kusowa fizi pa nthawi ya njala ya 2001 ndi 2002. Ankapita ku kalaibulale kakang'ono ka pa sukulu ya pulayimale, n'kumatola zitsulo zotayidwa, ndipo anthu ankamunena kuti wapenga. Pamene ankamanga makina ake opukusa magetsi ndi mphepo sanali ndi chikhamu cha anthu pambuyo pake. Anali ndi anthu awiri: msuweni wake Geoffrey ndi mnzake Gilbert, mwana wa mfumu, amene anatulutsa ndalama yake kumugulira dayinamo ya njinga. Mwana wa mfumu ndi mwana wosowa fizi anagwirizana chifukwa panali chinthu chimene ankafuna kuona chikuzungulira. Ngati muli ndi mnzanu mmodzi kapena awiri otero, musadzione osauka poyerekeza ndi amene amayenda khumi.

Aphunzitsi, mbali yaikulu ya nkhaniyi ili m'manja mwanu, kuposa mmene mumaganizira. Mu 2014 Daniel McFarland wa ku yunivesite ya Stanford ndi anzake anatulutsa zotsatira za kafukufuku wa maubwenzi a ana m'sukulu za sekondale ku America. Anapeza kuti m'sukulu zikuluzikulu, kumene ana ali ndi ufulu wambiri wosankha maphunziro ndi pokhala, ana amadzipatula kwambiri motsata mtundu, msinkhu ndi kapezedwe ka kwawo. M'sukulu zing'onozing'ono, ndi m'makalasi mmene mphunzitsi ndiye amakonza pokhala ndi magulu ogwirira ntchito, timagulu totsekeka timachepa. Izi zikutanthauza kuti sukulu ya CDSS ya kumudzi, imene ambiri amaiderera poiyerekeza ndi sukulu zogonera komweko, ili ndi mwayi umene sukulu zazikulu zilibe. Aliyense angathe kudziwa aliyense. Koma mwayiwo umatayika mphunzitsi akanena kuti "khalani m'magulu a anthu asanu" n'kuwasiya ana asankhane okha. Pamenepo anzeru amathamangirana, a pa chiwaya amathamangirana, ndipo mwana uja wa kope amaimirira pakati pa kalasi kudikira gulu loperewera. Magulu muziwagawa ndinu, muziwasintha teremu iliyonse, ndipo ntchito yake izikhala yoti aliyense ali ndi gawo limene ena sangalidumphe. Manotsi ndi mauthenga amene apita pa WhatsApp alembedwenso pa bolodi. Masewero ndi makalabu aziyamba msanga kuti oyenda mtunda wautali azikhala nawo. Ndipo pomwe mukupita ku staff room pa buleki, suzumirani m'kalasi muone amene watsalamo. Musamufunse pa gulu chifukwa chake ali yekha. Mutumeni ntchito pamodzi ndi mnzake wina.

Inu a Fomu 3 ndi Fomu 4, mawu anu ndi amene amapanga nyengo ya pa sukulu. Mchitidwe wozunza a Fomu 1, umene mumautcha teasing, ndi woletsedwa, ndipo ophunzira ambiri m'dziko muno achotsedwa sukulu chifukwa cha iwo. Amene amauikira kumbuyo amati nafenso anatichita. Ndikumva kuwawa kumene kuli m'mawu amenewo, koma mwana amene wabwera chaka chino si amene anakuzunzani. Mphamvu imene muli nayo ndi yaikulu zedi. Wa Fomu 4 mmodzi akangopatsa moni mwana wa Fomu 1 pomutchula dzina anthu akumva, onyoza onse amabwerera m'mbuyo. Mtsikana wamkulu akakhala benchi imodzi ndi mnzake amene wabwerera atabereka, manong'onong'o amatha msanga kuposa mmene angathere ndi chilango cha a hedi. Akuluakulu anati mlendo ndiye amabwera ndi kalumo kakuthwa. Pakati pa ana atsopanowa pali amene adzagoletse zigoli za sukulu ino ndi amene adzakuthandizeni masamu amene akukuvutani.

Makolo, anzake a mwana wanu muziwadziwa maina ndi kwawo. Aitaneni adzadye nsima pakhomo panu, chifukwa mnzake wa mwana amene wadya m'mbale yanu amachita manyazi kumusocheretsa. Ngati mwana wanu ali pa selofu, musangotumiza ufa pa kabaza. Pitani mukaone kanyumbako, mukaone amene amagona naye, mukalankhule ndi mwini nyumba, ndipo amayi a mother group akhale ndi ufulu wogogoda pa zitseko zimenezo. Inu amene amuna anu kapena ana anu ali ku Joni, mukamalankhula nawo pa foni auzeni kuti pamene akutumiza nsapato ndi foni azifunsanso kuti mwanayo akuyenda ndi yani, ndipo azimuuza zoona za moyo wa kumeneko, zokoma ndi zowawa zomwe. Ana ambiri a m'dera lino akuleredwa ndi agogo kapena ndi amayi okha, ndipo mwana wotero amatsamira kwambiri pa anzake. Amalume, azakhali, akulu a mpingo, musadikire kuti mwana alakwe kaye kuti mudzaitanidwe pa mlandu.

A hedi, ndili ndi mapempho awiri amene safuna ndalama. Loyamba, sabata ino isanathe, pa bolodi la zidziwitso pakhomedwe pepala la makalabu ndi matimu onse a pa sukulu pano, tsiku ndi malo amene amakumanira, ndi dzina la mphunzitsi woyang'anira, ndipo mwana aliyense wa Fomu 1 alembetse kumodzi mwezi uno usanathe. Lachiwiri, kalasi iliyonse isankhe ophunzira awiri, mnyamata ndi mtsikana, amene ntchito yawo ikhale yakuti mnzawo akajomba masiku awiri otsatizana, adziwitse mphunzitsi wa kalasi, ndipo wina wokhala naye dera limodzi akafike kwawo kukamuona. Teremu ikamatha, a komiti ya makolo adzafunse kuti ndi ana angati amene anayenderedwa chotero, ndipo ndi angati anabwerera.